Timagalimoto Todzikankha Tokha

Lolemba

Mvula yachita zaulemu. Kariba, chithaphwi chathu cha pamsewu wopita kumsika, wadzaza mpaka kunyambita khonde la saluni ya amake Chanda, amene timangoti bana Chanda. Anthu ena kuno ku Kanyama akutukwana mitambo. Ine ndikuthokoza chamumtima, poti galimoto ikatitimira mu Kariba oikankha ndife atatu: ine Cheyamani wa gulu, ba Zulu a bondo lovuta, ndi Bwalya wa mapewa ngati chitseko. Banja langa lakula ndi matope amenewa.

M'mawa ntchito ikuyenda. Minibasi ikulowa, ikulira, ikutitimira, ife tikuitulutsa. Nkhope yonse matope, mtima uli mbee.

Masana akutulukira mlamu wanga Mabvuto, foni ili m'manja, akuyenda ngati munthu wobweretsa uthenga wa maliro amene akumusangalatsa. Akuti opanga magalimoto kunja akukonza timagalimoto tating'ono tatsopano. Mtundu wake akuutchula mwachizungu, ine ndikumva ngati "Leya Wilo". Ndikufunsa kuti Leya ameneyu ndi mwana wa yani.

"Si munthu, ba mulamu. Ni tumotoka tung'ono, mphamvu yonse ili kumbuyo. Tuzipusha tweka."

Todzikankha tokha. Kumbuyo.

Kumbuyo n'kumene ndimaima ine.

Ndikufunsa kuti timagalimototi tifika liti. Akuti, "Vili pa foni kudala, so ni manje manje." Ndiye kuti posachedwapa.

Njala sindikuiopa kwenikweni. Chimene ndikuopa ndi lonjezo. Chaka chatha mkazi wanga, amake Taonga, anandikakamira kuti atate ake ku Katete akalamba, akufuna mkamwini wokawathandiza ng'ombe. Ine pofuna kutseka nkhani ndinalumbira, Mabvuto yemweyu ali mboni, kuti tsiku limene magalimoto adzasiye kutitimira mu Kariba ndidzakwera basi ya ku Katete. Ndinkadziwa kuti tsiku lotero kulibe. Ndani anaonapo Kanyama wouma?

Ndilembe poyera, poti palibe amene awerenge: ng'ombe ndimaziopa. Ndinabadwira m'tauni, ng'ombe ndimaidziwa itapachikidwa kubutchala. Apongozi ali ndi chimphona china cha ng'ombe chotchedwa Kapitao, chimene chinandizungulitsa nkhokwe tsiku limene ndinapita kukaonekera, nditavala jekete yobwereka. Chinandiyang'anitsitsa bwino tsiku lija. Nkhope yanga chikuidziwa.

Chakudya chamadzulo ndachisiya m'mbale.

Lachiwiri

Nkhani yafika kale paliponse. Mabvuto sagona ndi mawu.

Zimene ndatolera lero zokhudza ti Leya:

- Bwalya akuti tili ndi zitseko ziwiri basi, ndipo munthu wamtali akalowa mawondo amagunda makutu.
- Wometa tsitsi akuti pokhota timayenda cham'mbali ngati nkhanu, matayala akufuka utsi, ndipo eni ake amachita dala. Dala!
- Bana Chanda akuti, "Motoka ya mipando ibili, saka ya malasha izankhala pati? Izo ni za bamuna bobisa visumbali." Akunena zibwenzi zamseri.
- Mkulu wa mpingo akuti galimoto yopita uku itayang'ana uko inanenedwa kale, tingokonzeka.
- Mabvuto akuti pa foni ena akulumbira kuti anakaona kamodzi kakuyesedwa pamsewu, atakafunditsa nsalu ya mawangamawanga kuti anthu asakazindikire. Ena akuti ndi bodza, opangawo amangolonjeza chaka ndi chaka.

Ine za bodzazo sindikuzikhulupirira. Nkhani yoipa siikhala yabodza kwa munthu wosauka. Ndipo chinthu chabwino sachifunditsa nsalu.

Ndakhala pamwala wanga, ndaganiza mpaka mutu kutentha, ndipo nzeru yabwera. Ngati kagalimoto kadzikankha kokha kumbuyo, ndiye kuti kutsogolo kulibe mwini. Tisiye kukankha, tiyambe kukoka. Ti Leya tikamafika tidzatipeza tili kale kutsogolo ndi chingwe. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chaimba pa foni, ndipo ine ndamva.

Ndikuitanitsa msonkhano pansi pa khonde la saluni. Ndikuwauza anzanga mosabisa kuti ntchito yokankha yafa. Bwalya akungoti kukamwa yasa. Ba Zulu akukweza dzanja, akuti, "Koma ba Cheya, nanga ma minibasi..." Ndikuwadula. Za minibasi ndi zakale, ife tikukamba za mtsogolo. Msonkhano uyenera kukhala ndi dongosolo.

Zofunika:

- chingwe cholimba
- kuyeserera
- amake Taonga asamve

Ndikulowa m'nyumba, ndikupeza chikwama chachikulu chapaulendo, chija timati ukwa, chatsitsidwa pamwamba pa kabati. Amake Taonga akuchipukuta fumbi, akuimba kanyimbo ka kutchalitchi. Amva kale. Mlongo wake wa Mabvuto ameneyu, ndimaiwala.

Lachitatu

Chingwe ndabwereka kwa ba Daka, amene akumanga nyumba kuseri kwathu. Akundifunsa ngati zonse zili bwino kunyumba. Ndikuti n'cha ntchito, akundipatsa koma akundiyang'ana mpaka ndikhote.

Kuyeserera koyamba, m'mawa. Minibasi yodzaza ikutitimira pakati penipeni, pamalo athu abwino. Kondakitala akuloza kumbuyo monga mwa masiku onse. Ife tikupita kutsogolo ndi chingwe, mwaulemu wathu. Tikumanga. Ndikuwerengera, tikukoka.

Minibasi siikusuntha. Tikusuntha ndife. Mapazi akutereraterera, ba Zulu akugwera Bwalya, Bwalya akugwera ine, tonse atatu takhala pansi mu Kariba madzi ali m'khosi.

Kondakitala akuti, "Imwe ba mudala, mwamwa chani kuseni-seni?"

Tikuyesanso. Chingwe chikubwera, bampala ikubwera nacho.

Choopsa chenicheni ndi ichi: okwera atopa, atsika, apinda mathalauza, akankha okha kumbuyo, ndipo minibasi yatuluka. Okha! Amayi ena mpaka akuseka, akuti kani n'chosavuta. Chinsinsi cha ntchito yathu chaululika anthu onse akuona, ndipo wachiulula ndine. Dalaivala wanyamula bampala yake, watisiyira mawu amene sindingawalembe.

Bondo la ba Zulu latupa. Akuti mawa abwera ngati Mulungu alola, koma akunena moonetsa kuti Mulungu salola.

Komabe nzeru yanga siinalakwike. Cholakwika ndi popondera. Wokankha amatsamira galimoto, wokoka amadalira nthaka. Tikufunika kamalo kolimba kutsogolo, kongokwana mapazi a anthu atatu.

Apa mpovuta. Zaka zonsezi ndine amene ndaletsa anthu kuthira miyala mu Kariba. Ndimawauza kuti mukamukwirira madzi adzasowa kopita, adzalowa m'nyumba zanu. Amandimvera, poti ndine ndimadziwa kuya kwake. Tsono ndikupita kwa ba Daka mwakachetechete, ndikupempha wilibala imodzi ya zidutswa za mabuloko. Imodzi yokha. Ndikuwauza kuti asauze munthu.

M'chikwama cha ukwa mwalowa bulangete langa.

Lachinayi

Ba Daka akubwera ndi wilibala yosadzola mafuta. Ikulira msewu wonse ngati nkhumba yopita kokaphedwa. Aliyense watuluka.

Akukhuthula zidutswa m'mphepete mwa Kariba, akundigwira chanza ndi manja awiri. "Ba Cheya, Mulungu akudaliseni. Nenze kuziba kuti siku imozi muzachinja mutima."

Ndikuyesa kufotokoza kuti ndi popondera chabe. Bana Chanda ali kale pakhonde, chipeso m'manja, akukuwira msika wonse: "Ba Cheya bavomela! Tivalile Kariba!"

Sindinavomere zotseka Kariba ine. Ndikuthamanga uku ndi uku, manja m'mwamba, ndikuti dikirani, madzi adzalowa m'nyumba. Akundiyankha kuti ndisadandaule, iwo akudziwa kuti ndikungodzichepetsa.

Zimene zalowa mu Kariba lero ine ndikuona:

- mawilibala ena a ba Daka, amene sindinapemphe
- matumba a mchenga
- chimbudzi chosweka cha alandilodi a kuseri
- theka la mbaula
- phulusa la malo onse ophikira mowa
- mwala wanga wokhalapo

Mwala wangawo anaunyamula ine nditapita kukamwa madzi.

Masana Bwalya akundikokera pambali. Wapeza malo kotsukira magalimoto ku Chawama. Ndikumukumbutsa kuti ndife banja. Akuti, "Ba Cheya, ndimwe munakamba mweka ati nchito yafa. Ine nili na bana." Mapewa aja apita, ndatsala ndi ba Zulu amene ali chigonere.

Mabvuto wabwera ndi zatsopano. Akuti pa foni akukangana: ena akuti ti Leya tidzakhala totchipa kuti wachinyamata aliyense agule, ena akuti tidzadula ngati nyumba. Ena akufuna ta giya ya pamanja, ena akuti tidzayendera magetsi. Ndikumufunsa kuti pa anthu onsewo alipo amene wakakwerapo. Akuti ayi, poti sitinapangidwe. Ndiye akukangana chiyani? Akuti ndi mmene zimakhalira pa foni.

Kanthu kosapangidwa kandithera gulu m'masiku ochepa chonchi. Nanga kakadzapangidwa?

M'chikwama mwalowa chipewa changa cha mlaza. Amake Taonga akuti ku Katete dzuwa limawawa.

Lachisanu

Ndalota Kapitao akuyendetsa kagalimoto kofiira cham'mbali, akundifunafuna m'misewu ya Kanyama.

Ndikudzuka m'mamawa, ndikupita kukachotsa miyala anthu asanatuluke. Ndikutola umodziumodzi, ndikuponya kumbali. Msana ukuwawa koma ntchito ikuoneka. Kenaka chitseko cha saluni chikutseguka. Bana Chanda akundiyang'ana, akugwira pachifuwa.

"Mayo, ba Cheya, mulevula na manja? Tengani fosholo."

Andipatsa fosholo. Andipatsanso tiyi ndi chitumbuwa. Aima pomwepo kundiyang'anira, ndipo ine, poti ndadya chitumbuwa cha eni, ndasalaza Kariba ndi manja angawa. Ndasalaza bwino, poti ntchito yosalongosoka sindiidziwa.

Chakumasana zachitika zimene ndimaopa. Kukubwera kagalimoto kakang'ono, kofiira, kogwada pansi. Ndikubisala kuseri kwa thanki ya madzi ya saluni, ndikusuzumira. Kakufika pa Kariba, kakuchepetsa liwiro, kakulowa.

Kakutuluka tsidya lina. Kokha. Popanda munthu kukakhudza.

Ti Leya tafika! Mabvuto anati manje manje, ndipo ndi manje manje ndithu. Wometa akuti ayi, ako ndi ka aphunzitsi a ku Matero, ine ndemwe Cheyamani ndakakankhapo kangapo, kadutsa chifukwa cha miyala. Akungofuna kundilimbitsa mtima. Ine ndinaona mmene kanagwedezera kumbuyo.

Madzulo amayi a chigwirizano cha kutchalitchi akubwera pamzere, miyala pamutu, akuimba. Abusa ali kutsogolo. Akundiimika pakati pa anthu, akuti taonani munthu amene wapereka mbale yake kuti anzake adutse pouma. Anthu akuomba m'manja. Ine ndikulira, misozi yeniyeni, ndipo iwo akuti ndi Mzimu.

Kariba watsala kachigawo kamodzi kofewa chakumsika. Ndi kameneko ndikudalira. Malinga galimoto imodzi ikutitimirabe, lonjezo silinakwane.

Chikwama chafufuma. Mwalowa Baibulo, sopo, ndi mpeni wanga wometera.

Loweruka

Eni mashopu asonkherana, aitanitsa tipa, lole yokhuthula yokha, yodzaza miyala yoswaswa. Ndikuimva ikubangula kuchokera kutali. Ba Zulu abwera motsimphina kudzaona maliro.

Tipa ikubwerera chambuyo, ikuponda kachigawo kofewa kaja, ndipo Kariba, mwana wabwino, akuigwira. Yatitimira mpaka theka la matayala. Mtima wanga ukuvina. Ndikuthamangira kumbuyo mwachizolowezi, chingwe ndachiiwala, phewa ndaika kale pachitsulo.

Dalaivala akuponda moto. Matayala akumbuyo akuzungulira pamalo amodzi, matope akundimenya kumaso, m'kamwa, m'makutu, monga amachitira masiku onse a moyo wanga. Dalaivala akutulutsa mutu pawindo.

"Ba mudala, chokani ku matayala ya kumbuyo, yazakupwetekani. Iyi ni liya wilo."

Ndikulavula matope. Ndikufunsa kuti wati chiyani.

"Liya wilo. Injini izungulusa matayala ya kumbuyo. Ma tipa yonse ni so. Na ma minibasi yamene mupusha daily. Mu matika ndiye yamene yavuta maningi."

M'matope ndi mmene amavutira kwambiri. Ndikumufunsa za tating'ono tija tikubwera, ta pa foni.

Akuseka. "Utu twa pansi so? Utu tungajame na mu mata. Pano mukanalemela, ba mudala."

Tingatitimire ngakhale m'malovu. Ndikadalemera.

Ndiye kuti Leya ndakhala naye zaka zonsezi. Ndi iye amene amandisambitsa matope m'mawa uliwonse. Ndimadziwa fungo lake, ndimadziwa kulira kwake, dzina lokha ndi limene sindinkalidziwa. Kudzikankha kumene ankanena Mabvuto ndi kuzungulira kwa matayala komweku kumene kwandidyetsa ine ndi ana anga.

Ba Zulu akuyankhula chapansipansi, osandiyang'ana. "Ndiye vamene nenze kufuna kukamba pa Chibili, ba Cheya. Munati dongosolo."

Ndikuthamangira kwa dalaivala kuti asakhuthule, tikambirane kaye. Akuti tipa yolemera chonchi anthu awiri sangaitulutse, njira ndi imodzi yokha. Akukoka chitsulo. Bodi ikukwera pang'onopang'ono, miyala ikutsika ndi mkokomo, fumbi lili kobo. Tipa yapepuka, yatuluka yokha, yapita.

Pamene panali Kariba pali msewu. Amayi akululutira. Wina akundinyamula m'mwamba, ndipo ndi Bwalya, wabwera kuchokera ku Chawama kudzaona. Fosholo yandipezanso m'manja.

Mabvuto akufika zonse zitatha, foni m'manja. Akuti kwatuluka nkhani ina: mwina ti Leya tichedwa zaka, mwinanso kuno sitidzafika n'komwe. Akundifunsa chifukwa chake ndikumuyang'ana choncho.

Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lamulungu

Mvula yagwanso, yamphamvu, mvula imene sabata yatha ndikadaivinira. Ndaima pakhonde la saluni ndi ambulera, ndikudikira. Madzi akungodutsa m'mbali, akutsikira kungalande ngati anaphunzitsidwa. M'nyumba ya munthu sanalowe. Minibasi zikudutsa zikuimba hutala, makondakitala akundikwezera chala chachikulu. Palibe yatitimira, ngakhale imodzi ya chisoni.

Kutchalitchi ulaliki wonse ndi wa ine. Andikhazika kutsogolo, pampando wa khushoni. Ena akuti msewuwo autche dzina langa.

Kunyumba amake Taonga akhalira chikwama kuti zipi itseke. Yatseka. Sakunyoza, sakukumbutsa, akungoti, "Atate ake Taonga, mwamuna ni mau yake." Mabvuto, mboni, akugwedeza mutu m'kamwa muli chakudya changa.

Aimbira foni ku Katete, andipatsa. Apongozi akondwa kwambiri. Akuti ndabwera pa nthawi yake, chifukwa chaka chino dambo ladzaza ndipo ngolo ikutitimira tsiku lililonse pochokera kumunda.

"Ng'ombe zimakoka bwino kutsogolo," akutero, "koma kumbuyo kulibe munthu. Tamva kuti inu ndiye katswiri wake."

Ndikufunsa mwaulemu za umoyo wa ziweto. Akuti zonse zili bwino. Ndikufunsa za Kapitao, mwina anagulitsidwa, mwina ukalamba. Akuti ali moyo, wanenepa, ndipo ndi iye amene amakoka ngoloyo.

Chingwe ndabweza kwa ba Daka. Fosholo ndabweza kwa bana Chanda. Ucheyamani ndasiyira ba Zulu, ngakhale palibe choyang'anira. Majombo ndatenga, poti amake Taonga akuti zimene zimagwa kumbuyo kwa ng'ombe si matope okha.

Basi ndi ya mawa m'mawa. Ndapempha Mabvuto kuti ayang'ane bwinobwino pa foni ngati pali mphekesera iliyonse ya ngolo zodzikankha zokha. Wafufuza nthawi yaitali, mpaka batire kuchepa.

Akuti palibe.